ANTHU OSANDUKA MIMBULU M'BAISIKOPO YA KU BRITAIN

 Nkhani ya lero ndi ya baisikopo.

Akulu-akulu a ku Copperbelt sanaiwale baisikopo ya pabwalo ya m'makomboni a migodi m'zaka za m'ma 1950, pamene khamu la anthu linkasonkhana madzulo patsogolo pa nsaru yoyera, ndipo anyamata ankaimirira ndi kufuula pocenjeza munthu wa pa kavalo kuti mdani ali kumbuyo kwake. Zimenezo zinali zithunzithunzi za ku America za nkhonya ndi mfuti. Koma ulipo mtundu wina wa zithunzithunzi, wocokera ku Britain, umene unayamba kudziwika m'caka ca 1961 ndipo sunafe kufikira lero. Mafilimu amenewa amasimba za munthu wosanduka mmbulu mwezi ukawala wathunthu. Ambiri a iwo anapangidwa mofulumira ndi ndalama zocepa, ndipo m'mafilimu ena woonerera amaona bwino-bwino kuti cirombo cija ndi munthu wobvala cikopa. Komabe anthu amawafuna-funa ndi kuwaonera kawiri, katatu, pamene mafilimu ena amene anadya cuma cambiri anaiwalika kale-kale. Kodi cokoma cake ciri pati?

DZIKO LOPANDA MIMBULU

Coyamba codabwitsa ndi ici: m'thengo la ku Britain mulibe mmbulu ngakhale umodzi. Mmbulu wa ku Ulaya ndi nyama yonga galu wamkulu waubweya wambiri, wosiyana ndi mimbulu ya mawanga ya m'cigwa ca Luangwa, ngakhale kuti yonse imasaka m'magulu. Ku England mimbulu inatha kuphedwa ca m'ma 1500, ndipo ku mapiri a Scotland inatsalako kufikira m'zaka za m'ma 1600 kapena 1700. Lero Mngelezi wofuna kuona mmbulu ayenera kupita ku malo osungirako nyama m'mipanda.

Mau a Cingelezi akuti werewolf ndi akale ndithu. Mbali yake yoyamba, wer, m'cinenero ca makolo ao inkatanthauza mwamuna, ndipo yaciwiriyo ndiyo mmbulu. Koma mantha eni-eni a anthu otere anali ku France ndi ku Germany, kumene mimbulu inali yambiri ndipo mabwalo a milandu ankaweruza nkhani zotere. M'caka ca 1589, pa mudzi wa Bedburg pafupi ndi Cologne, mlimi wina dzina lake Peter Stumpp anaphedwa mwankhanza pa mlandu wakuti ankabvala lamba wamatsenga ndi kusanduka mmbulu wodya anthu. Caka cotsatira nkhani yakeyo inasindikizidwa m'kabuku ku London, ndipo Angelezi anaiwerenga monga nkhani yacilendo ya kutsidya la nyanja. Ngakhale Mfumu James ya ku Scotland, imene inkaopa mfiti kwambiri, inalemba m'caka ca 1597 kuti munthu wodziyesa mmbulu ndi wodwala maganizo cabe.

Ndiponso amene anayamba kuika cirombo cimeneci m'dziko la Britain pa baisikopo anali a ku America. Mafilimu awiri, Werewolf of London ya 1935 ndi The Wolf Man ya 1941, anapangidwa ku Hollywood ndi kampani ya Universal, ngakhale nkhani zake zimacitikira ku London ndi ku Wales. Mafilimu amenewa, pamodzi ndi otsatira ake, ndiwo anafalitsa malamulo amene woonerera ali yense amawadziwa tsopano: wolumidwa nayenso amasanduka, mwezi wathunthu umadzutsa cirombo, ndipo cida ca siliva ndico cimacipha. Tsono pamene Angelezi anayamba kupanga mafilimu ao-ao, analibe mimbulu, analibe mwambo wakale wa nkhaniyi, ndiponso analibe ndalama zonga za ku Hollywood. Koma akulu anati, ukaipa dziwa nyimbo.

NYUMBA YA M'MBALI MWA THAMES

Kampani imene inadziwa nyimboyo inali Hammer. Nchito yake inkacitikira ku Bray, m'nyumba yakale ya munthu wacuma m'mbali mwa mtsinje wa Thames kumadzulo kwa London, ndipo kawiri-kawiri filimu imodzi inkajambulidwa m'masabata 6 okha. Khoma limene linali la nyumba ya mfumu m'filimu ya mwezi uno linkapakidwa utoto wina ndi kukhala la ndende m'filimu yotsatira. Cinanso cimene cinkathandiza makampani ang'ono-ang'ono otere ndi msonkho wochedwa Eady Levy, umene unalipo kuyambira 1950 kufikira 1985: pa tikiti iri yonse yogulidwa pa baisikopo, kandalama kena kankapatulidwa ndi kubwezedwa kwa opanga mafilimu a m'dzikomo. Cotero filimu yochipa yokopa anthu inkabweza msanga ndalama za eni ake.

Hammer itachuka ndi nkhani ya Frankenstein m'caka ca 1957 ndi ya Dracula m'caka ca 1958, inaturutsa The Curse of the Werewolf m'caka ca 1961, yotsogoleredwa ndi Terence Fisher. Nkhani yake inatengedwa m'buku la Guy Endore la 1933, limene zonse zimacitikira ku France. Nanga bwanji filimuyo imacitikira ku Spain? Cifukwa cake ndi ca m'thumba. Kampaniyo inali itamanga kale nyumba ndi bwalo la mudzi wa ku Spain pokonzekera filimu ina imene inalephereka, ndipo inaona kuti kugwetsa zonsezo kudzakhala kutaya ndalama. Mau a sewerolo analembedwa ndi mmodzi wa akulu a kampaniyo, Anthony Hinds, amene anabisala m'dzina lakuti John Elder.

Nkhaniyo imayamba ndi munthu wopempha-pempha amene anafika pa phwando la ukwati wa bwana wina wacuma. Bwanayo anamseweretsa pamaso pa alendo ngati galu, kenaka anamponya m'ndende ndi kumuiwala kwa zaka zambiri, kufikira anakhala ngati nyama. Tsiku lina mtsikana wanchito wosalankhula, amene anakana zofuna za bwana yemweyo, anaponyedwa m'cipinda comweco, ndipo wandendeyo anamgwirira. Mtsikanayo anathawira m'nkhalango, natoledwa ndi munthu wacifundo, Don Alfredo. Anabala mwana wamwamuna pa tsiku la Krisimasi, namwalira. Mwanayo, Leon, analeredwa ngati mwana wa m'nyumba, koma ali wamng'ono mbuzi za m'mudzi zinayamba kupezeka zitafa m'mawa. Wansembe anauza omlera kuti cikondi cokha ndico cingagoneke cirombo cimene ciri mwa iye.

Atakula, Leon analowa nchito pa malo opangira vinyo ndipo anakonda Cristina, mwana wa mwini nchito, amene anali wotomeredwa kale ndi munthu wina. Usiku wina mnzake wa pa nchito anamtengera ku nyumba ya mowa ndi akazi, mwezi uli mbee, ndipo cirombo cinadzuka. Anthu anafa, ndipo mmodzi wa iwo anali mnzake yemweyo. Leon ali m'ndende anapempha kuti amuphe dzuwa lisanalowe, koma sanammvere. Anathyola citseko, nakwera pa madenga kufikira pa nsanja ya belo la chalichi, ndipo kumeneko Don Alfredo, bambo womlera, anamuwombera ndi cipolopolo cosulidwa ku mtanda wa siliva, nafunditsa mtembowo ndi copfunda cake.

Omvera aone kuti m'nkhani imeneyi palibe mmbulu wa m'thengo umene unaluma munthu. Temberero linayambira pa nkhanza ya wacuma kwa wosauka, ndipo linagwera mwana wosalakwa. Amene anasewera ngati Leon ndi Oliver Reed, mnyamata wa zaka 22 pa nthawi yojambula, ndipo imeneyi inali filimu yoyamba imene iye anakhala mwini nkhani. Opima mafilimu a ku Britain anadula mbali zingapo asanailole, ndipo Hammer sinapangenso filimu ina ya mmbulu.

CIMENE DISO SILIONA

Phunziro loyamba limene umphawi unaphunzitsa opanga mafilimu amenewa ndi lakuti cirombo cibisidwe. Kukonza nkhope ya munthu kuti ikhale ya mmbulu ndi nchito ya maola ambiri tsiku liri lonse, ndipo ola liri lonse ndi ndalama. Cotero m'filimu ya 1961 ija woonerera amayamba kuona mapazi, mthunzi pa khoma, manja a ubweya ndi mtembo wa mbuzi. Nkhope yonse, imene Roy Ashton anaikonza ndi ubweya wotuwa, imaoneka m'mphindi zotsiriza zokha. Pofika pamenepo woonerera amakhala atadzipangira kale cirombo cake m'mutu, ndipo cimeneco ncoopsa kuposa ciri conse cimene mmisiri angasoke. Munthu wa pansi pa mgodi amadziwa bwino zimenezi: mwala wolira m'mdima pamwamba pa mutu umaopsa kuposa mwala waukulu wooneka ndi nyali.

Njira ina yochipa inaoneka m'filimu ya 1975 yochedwa Legend of the Werewolf, yotsogoleredwa ndi Freddie Francis, m'mene muli Peter Cushing. M'malo moonetsa cirombo cikusaka, kamera imalowa m'maso mwa cirombo comweco, ndipo zonse zimasanduka zofiira ngati magazi. Woonerera amaona msewu ukuthamanga ndi nkhope ya munthu wogwidwa ndi mantha ikuyandikira. Mtengo wa zimenezi ndi wa utoto wofiira cabe, koma kwa kanthawi wokhala pa mpando ndiye amakhala mmbulu.

Si nthawi zonse pamene kubisako kumatheka, ndipo pakalephereka pamakhala kuseka. Citsanzo cake ndi The Beast Must Die ya 1974, ya kampani ya Amicus, yotsogoleredwa ndi Paul Annett. Mwini nkhani ndi Tom Newcliffe, mlenje wacuma cambiri, amene anaitana alendo ku nyumba yake ya kumudzi, yozingidwa ndi makamera ndi zida zomvera mapazi, nawauza kuti mmodzi wa iwo amasanduka mmbulu ndipo palibe adzacoka kufikira atamupeza. Amene anasewera ngati Newcliffe ndi Calvin Lockhart wa ku Bahamas, munthu wakuda. Masiku amenewo sicinali cinthu ca masiku onse kuona munthu wakuda ali mwini nyumba ndi mwini mfuti m'filimu ya ku Britain, Azungu ali alendo omvera malamulo ake. Koma cirombo cikaturuka, ali yense amaona kuti ndi galu wamkulu wobvekedwa ubweya woonjezera, ndipo usiku wa m'filimuyo unajambulidwa masana, kotero kuti mitengo iri ndi mithunzi ya dzuwa.

Cikhalireco filimuyi imakondedwa kufikira lero, makamaka cifukwa ca cinthu cimodzi. Nkhani iri pafupi kutha, zonse zimaima, nkhope za alendo zimaonetsedwa imodzi-imodzi, ndipo wochi imayenda masekondi 30 kuti woonerera achule amene akumganizira. Pamenepo baisikopo imasanduka bwalo la ndagi, ali yense akutsutsana ndi mnzake, monga momwe anyamata a m'makomboni ankafuulira nsaru yoyera ija. Dzina la wolakwayo silichulidwa pano, kuopa kulanda omvera masekondi ao 30.

ANTHU OCEPA M'NYUMBA IMODZI

Phunziro laciwiri ndi lakuti wopanda ndalama zomangira mzinda atsekere anthu ocepa m'malo amodzi, ndipo awapatse mau abwino olankhula. Filimu imene inadziwa bwino zimenezi ndi Dog Soldiers ya 2002, yoyamba ya Neil Marshall. Nkhani yake imacitikira ku mapiri a Scotland, ngakhale kuti inajambulidwa ku Luxembourg kumene kunapezeka thandizo la ndalama. Asilikari 6 anatumizidwa ku nkhalango kukaphunzira nkhondo, atanyamula zipolopolo zabodza zongolira. Kumeneko anapeza msasa wa gulu lina la asilikari utaphwasulidwa, magazi ali ponse-ponse, ndipo wamoyo anali mmodzi yekha, Kapitao Ryan. Dzuwa litalowa, zirombo zinawathamangitsa kufikira analowa m'nyumba ya pa famu, m'mene anapeza moto ukuyaka ndi cakudya ciri pa moto, koma eni nyumba palibe. Nchito yao inali imodzi: kukhala ndi moyo kufikira kuca.

Cimene cimagwira mtima m'filimuyi ndi anthuwo. Iwo ndi anyamata wamba a nchito ya malipiro, otukwanizana, osekana, ndipo mmodzi wa iwo usiku wonse akudandaula kuti waphonya mpira wa England ndi Germany. Sajeni wao, Wells, amene anaseweredwa ndi Sean Pertwee, anang'ambidwa pamimba. Anzake anambwezera matumbo m'kati, nammwetsa mowa waukali, namata balalo ndi guluu wa m'sitolo. Zipolopolo zeni-zeni zimene anatola pa msasa uja zitayamba kutha, anamenya nkhondo ndi madzi otentha, miphika, ciwaya ndi nkhonya. Woonerera amaseka, ndipo kusekako ndiko kumamcititsa kuwakonda, kotero kuti mmodzi akagwidwa cisoni cimakhala ceni-ceni. Ali yense amene anagwirapo nchito yoopsa m'gulu amadziwa nthabwala zotere, zimene amuna amanena pofuna kuti miyendo isanjenjemere. Mutu umodzi susenza denga.

Pakati pa usiku coonadi cinaululika: akulu a nkhondo ankadziwa za zirombozo ndipo ankafuna kugwira cimodzi camoyo, cotero asilikari 6 aja anatumizidwa ngati nyambo. Cinaululikanso nca eni nyumba: banja la pa famu lija ndilo linali kunja, likufuna kulowa m'nyumba mwake. Sajeni Wells, pozindikira kuti bala lake lapola msanga mosayenera ndi kuti nayenso wayamba kusanduka, anabisa msilikari wotsala, Cooper, m'cipinda ca pansi, natsegula gasi wa m'khichini ndi kuphulitsa nyumba yonse iye mwini ali momwemo. M'mawa Cooper anaturuka yekha ndi galu wa pa famupo. Potsiriza pamaoneka nyuzipepala: nkhani yaikulu ndi ya mpira, England 5 Germany 1, monga zinacitikadi ku Munich pa 1 September 2001, ndipo imfa ya asilikari iri m'kangodya. Nthabwala imeneyo iri ndi minga, pakuti imanena za mtengo wa moyo wa munthu wamba.

Zirombo za m'filimuyi sizinajambulidwe ndi kompyuta. Marshall anatenga akatswiri obvina, nawabveka zikopa ndi mitu yoyendetsedwa ndi timakina, nawaimika pa miyendo yoonjezera, kotero kuti amaoneka atali-atali ngati makanja a gule wamkulu ndipo amawerama polowa pa khomo. Cifukwa cakuti m'cipindamo munalidi cinthu colemera cogwetsa mipando, mantha a osewera amaoneka oona. Ndipo pa nthawi yakuti Kapitao Ryan asanduke, iye amangogwera kuseri kwa tebulo, ndipo cimene cimadzuka kumeneko ndi mmbulu. Tebulo limodzi linapulumutsa ndalama zambiri, ndipo palibe woonerera amadandaula.

Njira yomweyi inatsatidwa ndi Paul Hyett m'filimu ya 2015 yochedwa Howl. M'malo mwa nyumba muli sitima ya pamtunda yocoka ku London pakati pa usiku. Mwini nkhani ndi Joe, mnyamata woyang'ana matikiti, amene tsiku lomwelo anamkaniza kukwezedwa pa nchito nampatsanso shifiti ya usiku ya munthu wina. Apaulendo amamnyoza ndi kumyang'ana ngati kanthu kacabe. Sitima itaima m'nkhalango, ndipo woyendetsa ataturuka kukaona cimene cagundidwa osabwerako, anthu onsewo anayamba kuyang'ana kwa mnyamata wa matikiti yemweyo kuti awauze cocita. M'ngolo imodzi yotsekedwa mumaoneka msanga amene ali wolimba mtima ndi amene angakankhire mnzake kunja kuti iye apulumuke.

NDALAMA ZIKACURUKA

Sikuti ndalama nzoipa pa nchito imeneyi. M'caka ca 1981 John Landis wa ku America anajambula ku Britain filimu yochedwa An American Werewolf in London, ndipo m'menemo munthu amasanduka m'cipinda cowala, manja akutalika, msana ukuthyoka-thyoka, kukamwa kukuturuka, zonse pamaso pa woonerera. Mmisiri wake, Rick Baker, analandira mphoto ya Oscar m'caka ca 1982, ndipo nchito yakeyo imatamandidwa kufikira lero. Koma ndalama pazokha sizigula mantha. M'caka ca 2010 Universal inapanganso The Wolfman, ndi osewera ochuka Benicio del Toro ndi Anthony Hopkins, pa mtengo wa madola pafupi-fupi 150 miliyoni. Ndalama za matikiti sizinafike pa mtengo umenewo. Nyumba zake nzokongola, zobvala nzokongola, koma anthu ambiri anaturuka mitima iri zii. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiponso sikuti filimu iri yonse yochipa ndi yabwino. Alipo ambiri amene alibe nkhani, alibe osewera odziwa nchito, ndipo amangodalira magazi ndi kukuwa. Amenewo amaiwalika sabata lisanathe. Imene imakhalitsa ndi imene mwini wake anawerenga bwino ndalama zake, nadziwa cimene sangathe, naika mphamvu zake zonse pa cimene angathe. Woonerera amaona msoko wa cikopa, koma amaonanso khama la amisiri ocepa amene anagwira nchito usiku m'matope ndi m'cisanu, ndipo amawakhululukira monga momwe munthu amakhululukira mpando wopendekeka pang'ono wopangidwa ndi mbale wake. Kanthu nkhama, phwiti anakwatira njiwa. Makolo akumbukirenso kuti mafilimu amenewa si a ana. Ku Britain komweko ya 1961 ija inaloledwa kwa a zaka 16 ndi kuposerapo okha.

CIROMBO CA PA KHOMO

Koma cokoma ceni-ceni ciri pa cirombo comweco. Zirombo zina za m'baisikopo zimacokera kutali: cina ku manda, cina pansi pa nyanja, cina ku nyenyezi. Munthu wosanduka mmbulu amacokera pa khomo. Masana ndi mwana wa m'nyumba, mnzako wa pa nchito, mlendo wa pa tebulo, sajeni amene anakuphunzitsa kugwira mfuti. Ncifukwa cake filimu yotere sifuna cuma cambiri, pakuti theka la cirombo ndi munthu wamba wobvala malaya, ndipo wosewera wabwino amaonetsa theka linalo ndi maso ndi thukuta lokha. Ndiponso m'dziko lopanda mimbulu, mmbulu ulibe kwina kobisala koma mwa munthu.

Omvera amene anakulira kumudzi anamvapo nthano za anthu osanduka afisi kapena mikango usiku. Koma pali kusiyana. M'nthano zimenezo munthu amasanduka mwa kufuna kwake, ndi mankhwala, pofuna kulanda kapena kubwezera. M'mafilimu ambiri a ku Britain munthuyo safuna. Amadzuka m'mawa ali ndi magazi m'manja, osakumbukira za usiku, ndipo amalira ndi kupempha kuti ammange. Cotero woonerera amamuopa ndi kummvera cisoni nthawi imodzi, ndipo funso limene amaturuka nalo ndi lobvuta: kodi munthu acite ciani ndi wokondedwa wake amene wasanduka woopsa m'nyumba? Don Alfredo anayankha ndi mfuti, misozi iri m'maso. Sajeni Wells anadziyankhira yekha.

M'Cinyanja mau amodzi omwewo, mwezi, amanena wa kumwamba ndi wa pa kalendala. Alipo mabanja m'makomboni ndi m'matauni amene sadikira mwezi wa kumwamba kuti aone munthu akusanduka. Iwo amaopa kutha kwa mwezi wa malipiro. Bambo wofatsa masabata atatu, woseka ndi ana, amapita ndi anzake monga Leon anapitira ndi mnzake uja, ndipo amene amagogoda pa citseko pakati pa usiku amakhala wina. M'mawa amakhala pa khonde mutu uli m'manja, akufunsa amene waswa mbale ndi amene watupitsa diso la mai wa ana. Sikuti onse opanga mafilimu amenewa ankafuna kulalikira za mowa, koma nthano imakhala ndi moyo ikakhudza cinthu cimene anthu amacidziwa kale, ndipo ukali umene umagona mwa munthu wabwino umadziwika ku Scotland, ku Spain ndi ku Kitwe comwe. Kusiyana kwake nkwakuti Leon analibe mphamvu pa mwezi wa kumwamba, pamene mwezi wa malipiro uli m'thumba la mwini wake.

Cenjezo lotsiriza liri m'nkhani ya Peter Stumpp uja. Pamene anthu a ku Bedburg anakhulupirira kuti mnansi wao amasandukadi nyama, anamzunza kufikira anabvomera, namupha, ndipo anaphanso mwana wake wamkazi ndi mkazi wina wa pafupi naye. Nthano yomweyo ikakhala pa nsaru yoyera sipha munthu. Woonerera amalipira kandalama kake, amanjenjemera kwa ola limodzi ndi theka pamodzi ndi anzake, amayang'ana cirombo ca mwa munthu pamaso, ndipo nyali zikayaka amaona kuti wokhala pa mpando wa pafupi ndi mnansi wake yemwe uja, amene akupukuta thukuta ndi kuseka. Malo oyenera a cikhulupiriro cimeneci ndi amenewo, ndipo amisiri a ku Bray ndi otsatira ao anawamanga ndi matabwa akale, ubweya womata ndi galu wobwereka.

Tsalani bwino nonse. Olowa nchito ya usiku ayende bwino, ndipo otsala kunyumba agone mwa mtendere, ngakhale mwezi uwale cotani.